Sikelo ya ku Sitolo ndi Kamuvi Kovina

Chaka chimene ndinayamba ntchito ya ukalaliki pa esiteti, ofesi yathu inali kachipinda kogundana ndi sitolo. Ndikati sitolo sindikunena golosale, ndikunena nyumba yosungiramo feteleza, madengu othyolera tiyi, malenikoti ndi zikwanje. Pakhoma lotilekanitsa panali kazenera kopatsirana mapepala. Mu ofesimo tinalimo awiri, ine ndi akalaliki aakulu, bambo a imvi amene anayamba ntchito pa esitetiyo ine ndisanabadwe. Kuseri kwa khomalo kunali mayi woyang'anira sitolo, wathupi, woseka mpaka mapewa kugwedezeka, amene aliyense, ngakhale amanijala, ankangowatchula kuti amayi.

Kompyuta inali imodzi, ndipo inali ya akalaliki aakulu. Inde, inagulidwa ndi kampani, koma nsalu yoifundika anasoka ndi akazi awo, ndipo batani loyatsira ankadina ndi iwo okha. Ine ndinali ndi kasatifiketi ka kompyuta kochokera ku Limbe, kumene ndinaphunzira kutayipa ndi kupanga matebulo, koma kwa iwo kasatifiketiko kankangosonyeza kuti ndine munthu woopsa. Pampando wawo ndinkakhalapo pokhapokha iwo akapita ku Boma kapena akatengedwa ndi amanijala kukayendera minda.

M'mawa uliwonse ankachita zofanana. Akafika ankavula jekete n'kuikoleka pamsomali, n'kukhala pansi kumwa tiyi wopanda mkaka uku akudandaula za msewu. Akamaliza tiyi, ku sitolo ntchito itayamba kale, m'pamene ankavundukula nsalu ija, kuipinda bwinobwino, n'kuyatsa kompyuta.

Mvula isanayambe, kampani inagula sikelo yatsopano ya ku sitolo, yapansi, yoyezera matumba. Anabwera nayo amuna awiri ochokera ku Blantyre. Anaboola khoma pafupi ndi pansi, n'kudutsitsa chingwe kuchokera ku sikelo kudzalowa kumbuyo kwa kompyuta yathu, kuti thumba likaikidwa pasikelo, kulemera kwake kuzionekera pasikirini popanda wina kulemba. Anayesa masana, kompyuta ili yoyaka kale, ndipo zinatheka. Akalaliki aakulu anawagwira chanza, amunawo n'kukwera galimoto kumapita.

M'mawa mwake akalaliki aakulu anamwa tiyi wawo, anayatsa kompyuta, anagwira mausi. Kamuvi kapasikirini kanangoti tsemwe, n'kuthawira kukona. Anakabweza. Kanalumphira pansi, kanatsegula wotchi, kanatsegulanso china chake chimene sitinkachidziwa, kenako kanaima duu ngati si iko. Iwo anachotsa dzanja pamausi n'kuliyang'ana.

"Achemwali, dzulo munagwira chiyani apa?"

"Sindinagwire kanthu, bambo."

"Nanga izi zikuchokera kuti?"

Sindinkadziwa, ndipo apo ndinkanenadi zoona. Tsiku lonselo kamuviko kankapenga n'kupuma, kupenga n'kupuma. Manambala a sikelo nawo sankaoneka, koma tinangoti makina akasokonezeka, zonse zimasokonezekera limodzi.

Chimene chinakometsa nkhani n'chakuti tsiku limene iwo anapita ku Boma, ine ndinafika m'mamawa, sitolo isanatsegulidwe, ndinayatsa kompyuta, ndipo inagwira ntchito tsiku lonse mwaulemu. Sikelo inatumiza manambala ake. Kamuvi kankapita kumene ndakatuma. Atabwerako m'mawa mwake, kanayambiranso kuvina. Zinachitikanso sabata yotsatira, ndipo nkhani inafika kwa akapitawo, kwa alonda, mpaka kwa amayi ogulitsa zitumbuwa pageti, yakuti kompyuta ya ku ofesi imakana akalaliki aakulu koma imamvera kamtsikana katsopano kaja. Amanijala anali munthu wochokera kumpoto, choncho nkhani zotere anthu ankazikamba m'Chilomwe ngakhale iwo ali pomwepo.

Akalaliki aakulu sanagonje msanga. Anagula mausi atsopano kwa achimwene ena achisilamu ogulitsa zida za mafoni pa Masambanjati. Sizinasinthe. Anasintha choyala pansi pa mausi, poyamba chikuto cha kalendala, kenako katoni ya sopo. Anapopera mankhwala a nyerere kumbuyo kwa desiki. Kwa masiku angapo ankasamba m'manja asanagwire makina, n'kumapukuta chala chimodzichimodzi. Pomaliza anaimbira foni anthu a makompyuta a ku likulu la kampani. Ndinkamva mbali yawo yokha.

"Eya. Eya, kakungoyenda kokha. Mwati vuto ndi chiyani? Dalaivala? Ayi, dalaivala wathu salowa muno, amathera pakhomo."

Anamvetsera kanthawi, nkhope ikusintha pang'onopang'ono, kenako anati, "Chabwino, ndamva," n'kudula. Sanandiuze chimene anamva. A ku likuluwo analonjeza kubwera, koma mvula inali itayamba ndipo msewu wathu sunkakopa alendo.

Gwero la vutoli ndinalipeza mwangozi. M'mawa wina ndinaimirira pakazenera kaja kuti ndipereke pepala kwa amayi. Iwo sanandione. Anayang'ana kukhomo, anavula masilipasi, n'kukwera pasikelo mwakachetechete. Kuchipatala cha esiteti anali atawauza kuti achepetse thupi chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, ndipo ankadziyeza mobisa. Nthawi yomweyo kumbuyo kwanga ndinamva akalaliki aakulu akuti, "Kayambanso." Amayi anatsika. Kamuvi kanaima. Anakweranso, mwina poganiza kuti sikelo yawanamiza, ndipo kamuvi kanathamangira kudenga.

Ndinadikira nthawi ya chakudya chamasana n'kuwauza amayi. Poyamba anachita manyazi kuti ndawaona. Kenako anandifunsa bwinobwino.

"Ukuti ine ndikakwera apa, uko kambewa kawo kamathawa?"

"Kamathawa, amayi. Ngakhale thumba likaikidwa, kamathawa."

"Nanga iwo akudziwa?"

"Sakudziwa."

Mapewa awo anayamba kugwedezeka. "Mwanawe, usawauze msanga. Bambo amenewa anandilembera kuti ndachedwa tsiku limene madzi anasefukira pamlatho."

Ine ndinali ndi zifukwa zanga. Masana aliwonse, akatha kudya, akalaliki aakulu ankatembenuza sikirini pang'ono kuti ndisaone, n'kuyamba masewera a makhadi, ine ndili pabenchi kusanja mafayilo a fumbi amene anasiyidwa ndi anthu amene anapuma ntchito kalekale. Galasi la kabati linali kumbuyo kwawo, ndiye makhadiwo ndinkawaona onse. Tinapangana chizindikiro ndi amayi. Ndikaona kuti masewera afika pokoma, ndinkapita pakazenera n'kufunsa mwaulemu kuti, "Amayi, stepula ili kumeneko?" Iwo ankayankha kuti, "Dikira ndiyang'ane," n'kukwera pasikelo. Kamuvi kankanyamula khadi n'kukaitaya kwina, nthawi zina kankatseka masewera onse. Akalaliki aakulu sakanadandaula mokweza, poti akanati ankachita chiyani? Ankangopuma mozama, n'kubweza sikirini m'malo mwake, n'kunena kuti, "Makina a masiku ano."

Amayi anafika poidziwa bwino ntchitoyo. Ankati akakwera pang'onopang'ono kamuvi kamanjenjemera, akadumphirapo kamapita kutali. Tsiku lina anavinapo pang'ono, ndipo ine ndinachita kutuluka panja ngati ndatsamwa.

Masewerawa anatha okha, popanda ife kufuna. Linali Lachisanu, mvula ili pakati, nthawi imene tiyi amaphuka usiku ndi usana ndipo esiteti imadzaza ndi othyola aganyu. Amanijala analowa mu ofesi yathu nsapato zili matope okhaokha, akufuna kuona pasikirini anthu amene agwira ntchito sabata imeneyo. Nthawi yomweyo thirakitala inafika ku sitolo kudzatenga feteleza, anyamata n'kuyamba kuponya matumba pasikelo motsatizana. Kamuvi kanachita zimene tinali tisanazionepo. Kanazungulira, kanatsegula mawindo ambirimbiri, kenako kananyamula foda yonse ya ntchito za sabatayo, amanijala akuona, n'kukaiponya kumene palibe anadziwa.

Amanijala sanakalipe. Anangoti, "Lolemba kompyuta iyi ikwere galimoto, ipite ku Blantyre. Mpaka idzabwere, zonse muzilemba pamanja." Akutuluka anaonjeza kuti zinthu zikapita ku Blantyre sizifulumira kubwera.

Akalaliki aakulu anatsegula kabati, anatulutsa mabuku akuluakulu akuda, anawapukuta fumbi, n'kuwaika patsogolo panga. "Inu ndi amene muli ndi maso abwino, achemwali," anatero.

Madzulo amenewo ndinaimbira msuweni wanga, mwana wa amalume, amene amakonza mafoni pakhonde la sitolo ina pa Masambanjati. Asanabwerere kumudzi anagwirapo ntchito pamalo okonzera makompyuta ku Limbe.

"Mkazi wanga," anatero atangoyankha, monga amachitira asuweni, "wandikumbuka lero. Ndiye kuti zakuvuta."

Ndinamufotokozera zonse, kupatula za stepula. Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anandiuza kuti anazionapo pasikelo ya chimanga. Anati kompyuta ikamayaka imafufuza chilichonse chimene chalumikizidwa kuti idziwe kuti n'chiyani. Ikapeza sikelo ili pakati potumiza manambala, imaganiza kuti ndi mausi a mtundu wakale, ndiye imaipatsa dalaivala wa mausi.

"Dalaivalayo ndi chiyani kwenikweni? Ku sukulu anangotitchulira."

"Ndi kapulogalamu kamene kamauza kompyuta mmene ingamvere chipangizo. Ukaipatsa kolakwika, imamva zolakwika. Sikelo ikuti thumba ili lalemera mwakuti, kompyuta ikumva kuti pita kumanzere, dina apo. Iwe umayatsa sikelo isanayambe kulankhula, n'chifukwa chake imakumvera. Usadzitame."

Anati mankhwala ake ndi osavuta. Ndiyatse kompyuta sikelo ikugwira ntchito kuti mausi abodzawo aonekere, nditsegule pamene pamaoneka zipangizo zonse, ndipeze mausi awiri, ndizimitse abodzawo. Anati ndimuimbire ndikafika pamenepo.

Loweruka tinkagwira ntchito mpaka masana. Akalaliki aakulu atamaliza tiyi, ndinawapempha kuti ndiyeseko kukonza, poti msuweni wanga wandiuza njira. Ndinkayembekeza kuti akana. Iwo anaimirira, anandikokera mpando, n'kukakhala pabenchi yanga.

"Yesani. Mukaiononga, ikupita kale ku Blantyre."

Vuto linali lakuti ndinafunika amayi akwere pasikelo kompyuta ikamayaka, bambowo ali pomwepo. Ndinapita pakazenera n'kunena ndi mawu a ntchito kuti, "Amayi, tikuyesa chingwe cha sikelo. Mungaikepo chinthu cholemera, muzichotsa n'kubwezera?" Ndinamva masilipasi akuvulidwa. Kompyuta inayaka amayi akukwera ndi kutsika ngati ali pa perete, ndipo kamuvi kanayamba kuvina. Ndinawauza kuti aime.

Ndinamuimbira msuweni, foni ili pakati pa khutu ndi phewa. Ananditsogolera mpaka ndinafika pa mndandanda wa zipangizo, ndipo analipodi mausi awiri, mayina awo achingerezi ataliatali ofanana ngati mapasa.

"Zimitsa achiwiriwo," anatero.

"Ukutsimikiza?"

"Ndi amene amakhala pansi nthawi zonse. Zimitsa."

Ndinazimitsa. Kompyuta inandifunsa ngati ndikutsimikiza, ndinavomera. Ndinagwedeza mausi. Kamuvi sikanasunthe. Ndinagwedezanso, ndinawanyamula n'kuwagogoda padesiki. Ndinali nditazimitsa mausi enieni, n'kusiya sikelo yokha ili ndi ulamuliro. Ndisanamalize kumutukwana msuweni, mayunitsi anatha.

Chinthu chokha chimene chikanasuntha kamuvi m'dziko lonse chinali kuseri kwa khoma, chili chosavala masilipasi. Ndinaganiza kuti mwina tikhoza kukakankha mpaka kafike pamene ndinkafuna.

"Amayi, kwerani pang'onopang'ono."

Kamuvi kanapita kumanzere, kutali ndi kumene ndinkafuna.

"Tsikani. Kwerani ndi mwendo umodzi."

Kanatsikira pansi n'kutsegula wotchi.

"Mwanawe, ine mwendo ukundiwawa," anatero amayi.

Pamenepo akalaliki aakulu analankhula ali pabenchi, mawu awo ali ozizira ngati akufunsa nthawi. "Auzeni anyamule thumba la laimu. Akakwera ndi katundu kamakonda kupita kumanja."

Ine sindinatembenuke.

"Kapena mufunse stepula," anapitiriza. "Ngakhale stepulayo ili mu dilowa yanu, achemwali, kuyambira mvula isanagwe. Ndimaiona tsiku lililonse mukamatenga cholembera."

Amayi anasuzumira pakazenera, nkhope yawo itadzaza kazenera konse. "Ndiye bambo, munkadziwa?"

"Sikelo imeneyo imalira mukakwera, mayi. Thumba likagwa imati gu. Inu mukakwera imati kwii. Ine ndakalamba maso, makutu ayi."

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndimafuna ipite ku Blantyre, mwina akanatipatsa yatsopano. Komanso ndimafuna ndione mmene achemwaliwa alembere pamanja anthu onse aja." Anaimirira n'kukonza lamba. "Koma ndaganiza kuti zolemba zawo ndi ine ndizidzaziwerenga, ndipo amalemba ngati nkhuku yapalasa. Tasunthani."

Sanagwire mausi. Anaika zala pa kiyibodi n'kuyamba kudina mabatani amene ine sindinkawagwiritsa ntchito, lina lodumphira la kumanzere ndi timivi tinayi ta kumanja. Anati kompyuta yoyamba imene anaiona pa esitetiyo inali ya sikirini yakuda ndi zilembo zobiriwira, ndipo inalibe mausi n'komwe. Mzere wa buluu unayamba kuyenda pasikirini, kutsika, kukwera. Koma sankadziwa kumene akupita, ndipo ine ndinkadziwa kopita koma ndinalibe miyendo. Ndiye tinagawana ntchito. Ine ndinkaloza ndi chala, iwo ankadina.

"Apa?"

"Pansi pake, bambo. Ayi, mwapitirira. Bwererani kamodzi."

"Musagwire galasi, mukusiya mafuta."

Tinadzutsa mausi enieni, tinazimitsa enawo. Tinazimitsa kompyuta yonse n'kuyatsanso amayi ali pa perete yawo. Kamuvi kanakhala phee pakati pa sikirini, kudikira kutumidwa. Akalaliki aakulu anatsegula pulogalamu ya sikelo, ndipo manambala anaonekera, akuluakulu, ofiira. Anawayang'ana, anayang'ana kukazenera, anatsegula pakamwa.

"Mukangotchula, bambo," anatero amayi, "lenikoti lanu la chaka chino mukalitenga ku Blantyre."

Anatseka pakamwa, n'kuika dzanja pasikirini mpaka amayi anatsika.

Foda yotayika ija tinaifufuza mpaka nthawi yoweruka inapitirira. Tinaipeza itabisala m'kati mwa foda ina ya zithunzi za kwaya ya kutchalitchi kwawo, ili bwinobwino. Lolemba akalaliki aakulu anapita okha kwa amanijala kukanena kuti ofesi yathu yathetsa vutolo, ndipo anagwiritsa ntchito mawu akuti dalaivala kangapo ndithu, ndinawamva ndili pakhonde. Kompyuta sinapite. Mabuku akuda anabwerera mu kabati. Vutolo linadzabweranso kamodzi, pamene wosesa anazula chingwe n'kuchilowetsa pabowo lina, ndipo titakonza, bambowo anachimata chingwecho ndi pulasitala wa kuchipatala n'kulembapo kuti osagwira.

Mbiri yawo inafalikira. Patapita milungu ingapo, ofesi ya gawo lina la esiteti, kutsidya kwa mtsinje, inatumiza uthenga kuti nawonso kompyuta yawo yasokonezeka, ndipo akupempha katswiri wa ku ofesi yathu. Akalaliki aakulu sanafunse kuti katswiriyo ndi uti. Anavala jekete, anakwera kumbuyo kwa njinga yamoto ya akapitawo, n'kupita.

Chakumasana foni yanga inalira. Anali akalaliki aakulu. Ankalankhula monong'ona, ndipo kumbuyo kwawo kunkamveka mphepo.

"Achemwali, ndili kuseri kwa nyumba. Kuno kulibe sikelo."

"Nanga vuto ndi chiyani, bambo?"

"Pulinta. Ukaituma tsamba limodzi ikutulutsa mapepala osatha, olembedwa timitima ndi tinkhope toseka. Ndawauza kuti ndi nkhani yaing'ono. Anditengera kale fanta."

Ndinathamangira ku sitolo kukabwereka foni ya amayi, n'kumuimbira msuweni. Ndinakhala pathumba la feteleza, foni imodzi kukhutu ili, ina kukhutu linalo. Msuweni ankanena, ine ndinkabwereza, ndipo kutsidya kwa mtsinje ndinkamva akalaliki aakulu, amene tsopano anali atabwerera mu ofesi, akubwereza mawu omwewo mokweza ngati angowaganiza kumene. Iwo anali atawauza anthu a kumeneko kuti pafonipo akulangiza mwana wawo za sukulu.

"Afunse ngati pulintayo ndi yatsopano," anatero msuweni.

"Bambo, pulintayo ndi yatsopano?"

"Tandiuzani," anatero iwo kwa anthu aja, "pulinta iyi mwaisintha posachedwa, eti?"

Ndinamva anthu akuvomera modabwa. Inalidi yatsopano, koma kompyuta inkailankhulabe ndi dalaivala wa pulinta yakale. Chimbale cha dalaivala woyenera chinapezeka mu katoni imene pulintayo inabweramo, imene mlonda anali atayala pansi pa mpando wake. Zinatenga nthawi, amayi akudandaula za mayunitsi awo uku akukana kuchoka, koma pomaliza ndinamva pulinta ikukoka pepala limodzi n'kuima, kenako anthu akuomba m'manja.

Akalaliki aakulu anabwerako dzuwa litapendeka, atakumbatira thumba la mapeyala limene anapatsidwa. Analikhuthulira padesiki n'kuyamba kugawa, akufinya lililonse ndi chala. Akupsa anaika mu chikwama chawo. Akuluakulu anapatsira amayi pakazenera. Ine anandipatsa apakatikati. Panatsala atatu aang'ono, olimba ngati miyala, ndipo anawakankhira kwa ine ndi nsonga ya cholembera.

"Awa mukapatse msuweni wanu uja," anatero. "Mukamuuze kuti azilankhula pang'onopang'ono. Pena ndimachita kudikira."